Chilango cha chigulu ku Chirunga ndi mtolo wogwera Chikanda

Chikalata chotseka koleji ya ku Chirunga sichichulutsa gaga m'diwa. Chimangoti chifukwa cha zipolowe zomwe zachitika, akuluakulu aganiza zoyamba atseka sukuluyi mpaka mtsogolo muno, ndipo wophunzira aliyense akhale atatuluka pofika ola lakutilakuti. Kale chinkamatidwa pa bolodi, lero chimafika pa foni n'kuzungulira magulu a WhatsApp anthu asanasambe m'manja kuti adye nsima yamasana. Chikangotuluka, misewu yopita ku depoti ya Zomba imadzaza ndi zikwama, zidebe ndi matiresi omangidwa pa kabaza. Koma wofuna kuona kulemera kwa chikalatachi asaime pakhomo pa Great Hall, atsikire ku Chikanda, komwe ophunzira ambiri amagona masiku ano. Kumeneko akapeza mtsikana amene makolo ake adagulitsa chimanga kuti amulipirire lendi ya simesita yonse, yemwe pa tsiku la zipolowe adadzitsekera m'chipinda kuopa utsi wokhetsa misozi. Akapezanso mayi wophika nsima ya bonya amene waoda kale ufa wa mwezi wonse, ndi mnyamata wa chiwaya amene mbatata zake zayamba kumera m'thumba. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa iwo amene waitanidwa kuti adzayankhe mlandu, koma chigamulo chawagwera onse. Mfundo yanga ndi yakuti kulanga ophunzira mwachigulu, kaya potseka koleji mopanda tsiku lotsegulira, kaya powalipiritsa chindapusa chofanana, si mwambo wa maphunziro ayi. Ndi njira yolamulira anthu yomwe tidatengera ku maboma awiri amene sankayankha kwa nzika, ndipo kuyambira mu 1994 njirayi ilibe pogwira m'malamulo a dziko lino.

Zomba ndi malo oyenera kufunsirapo za nkhaniyi, pakuti kuno ndiko kudali likulu la boma kuyambira nthawi ya Harry Johnston mu 1891 mpaka pamene lidasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo zigamulo zolanga midzi yathunthu zinkalembedwa m'maofesi a m'tsinde mwa phiri la Zomba. Pa 23 Januwale 1915 John Chilembwe ndi omutsatira adaukira azungu ku Magomero ndi kwina, ndipo pofika pa 3 Febuluwale iye adali ataphedwa. Amene adagwidwa adaweruzidwa, ena adaphedwa, ena adaponyedwa m'ndende. Ziweruzo zimenezo, ngakhale zidali zankhanza, zinkalunjika anthu odziwika maina. Koma boma la Bwanamkubwa George Smith silidalekere pomwepo. Asilikali adatentha nyumba m'midzi, tchalitchi cha Chilembwe ku Mbombwe chidaphulitsidwa, ndipo m'madera omwe mudachitika zoukirazo anthu adalamulidwa kulipira masheleni 4 aliyense, osafunsidwa ngati adanyamula mkondo kapena adali kumunda tsiku limenelo. Masheleni 4 sadali ndalama yoseweretsa, chifukwa ndiwo adali msonkho wa nyumba wa chaka chonse kwa munthu amene adagwirako ntchito kwa mzungu. Chifukwa chimene atsamunda ankachitira zimenezi n'chosavuta kuchiona. Iwo adali ochepa, zinenero za kuno sankazimva bwino, mboni za anthu akuda sankazikhulupirira, ndipo kufufuza munthu mmodzimmodzi kukadawadyera ndalama ndi nthawi. Kulanga mudzi wonse kunkawapulumutsa ku ntchito yofufuzayo, komanso kunkachititsa kuti munthu aziopa zochita za mnansi wake ngati zake zomwe, mpaka kumuneneza asanachite kanthu.

Mu Marichi 1959 zidabwerezedwa. Bwanamkubwa Robert Armitage atalengeza pa 3 Marichi kuti dziko lili pa chiopsezo, Dr Hastings Kamuzu Banda adatengedwa kupita ku ndende ya Gwelo, anthu ambiri a chipani cha Congress adatsekeredwa, ndipo m'midzi ina nyumba zidapsanso. Komiti yofufuza yotsogozedwa ndi woweruza Patrick Devlin, mu lipoti lake la mu Julaye chaka chomwecho, idadzudzula kutentha nyumba ndi kumenya anthu komwe apolisi ndi asilikali adachita. Chochititsa manyazi n'chakuti zaka ziwiri zokha m'mbuyomo, mu 1957, Britain idali itavomereza mapangano a ku Geneva a mu 1949, omwe amaletsa kulanga anthu wamba mwachigulu ngakhale pa nthawi ya nkhondo. Zimene idalonjeza kuti sidzachitira anthu a dziko la adani, inkachitira anthu amene inkati ikuwateteza.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, njirayi siidapite nawo atsamunda. M'zaka zotsatira kuukira kwa Henry Masauko Chipembere kwa mu Febuluwale 1965, mudzi wa Moto ku Mangochi udaphwasulidwa ndipo anthu ake ambirimbiri, amayi ndi ana omwe, adatengedwa kukatsekeredwa. Mu 1967 mpingo wonse wa Mboni za Yehova udaletsedwa. Mu 1989 aphunzitsi adalamulidwa kukaphunzitsa m'zigawo za kwawo, ati chifukwa ochokera kumpoto ankaphunzitsa mwaulesi ana a m'zigawo zina, koma palibe mphunzitsi amene adaimikidwa pabwalo kuti umboni uoneke. Yunivesite ya Malawi idabadwira m'nyengo imeneyi. Idayamba mu 1965 ku Chichiri ndi ophunzira 90, ndipo Chancellor College idasamukira ku Chirunga, mu Zomba, mu 1973. Kamuzu mwiniwake ndiye adali Chansala, ndipo kwa zaka zambiri wapampando wa khonsolo ya yunivesite adali John Tembo. Tsono apa pali chinthu choyenera kuchiyang'anitsitsa. Boma limenelo likafuna munthu mmodzi pa koleji, silinkavutika kumupeza. Mu 1983 ophunzira angapo, mmodzi mwa iwo Edge Kanyongolo amene pambuyo pake adadzaphunzitsa malamulo pa koleji yomweyo, adatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Pa 25 Seputembala 1987 Jack Mapanje, mkulu wa dipatimenti ya Chingelezi, adanyamulidwa ku Gymkhana Club n'kukakhala ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991. Makutu a boma adali m'kalasi, m'kafeteriya ndi m'mahositelo. Koma mu Marichi 1992, maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo yomwe idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Marichi, ophunzira a ku Chirunga adatuluka mwaunyinji kukaikira kumbuyo maepiskopiwo, ndipo yankho lidali kutseka koleji. Sikuti otsogolera zionetserozo sankadziwika. Vuto lidali lakuti dandaulo lidafalikira kwa anthu ochuluka moti kumanga asanu sikukadalizimitsa. Mbiri imeneyi ikutionetsa kuti kutseka koleji kumabwera osati pamene olakwa asowa, koma pamene odandaula achuluka.

Tiyenera kuvomereza kuti m'masiku amenewo kutseka kudali ndi mutu wake, ngakhale udali mutu wankhanza. Wophunzira aliyense ankagona pa bedi la boma, kudya m'mbale ya boma, ndi kulandira kandalama ka m'thumba kochokera ku boma. Ankatengedwa ngati mlendo wodyetsedwa, ndipo maphunziro ake ankaonedwa ngati mphatso ya Ngwazi yomwe mwiniwake angathe kulanda nthawi iliyonse. Kutseka koleji kunkatanthauza kuzimitsa moto m'khitchini ndi kukhoma mahositelo, ndipo gulu lonse linkabalalikadi tsiku lomwelo chifukwa lidalibe kwina kogona m'Zomba. Kholo silinkataya ndalama yambiri, ndipo anthu a ku Chikanda sankadalira ophunzira pa chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku monga alili lero. Za kukhoti n'zosachita kufunsa, pakuti wophunzira amene akadayerekeza kusumira khonsolo yotsogozedwa ndi Tembo pa nkhani ya ndale akadadziitanira apolisi achinsinsi.

Riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994 zidabweretsa malamulo aakulu atsopano, ndipo malamulowa adagwetsa maziko onse a kaganizidwe kakaleko. Gawo 25 limapereka ufulu wa maphunziro kwa munthu aliyense. Gawo 38 limalola kusonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere popanda zida. Gawo 33 limatchula ufulu wa ophunzira ndi aphunzitsi wofufuza ndi kuphunzitsa mosaopsezedwa, chinthu chomwe olemba malamulowo, ena mwa iwo atalawapo Mikuyu kapena kuona anzawo akupita kumeneko, sadachilembe mwangozi. Koma gawo lolemera kwambiri pa nkhani yathuyi ndi la 43. Ilo limati ofesi ya boma ikamachita chinthu chokhudza ufulu kapena zoyembekezera za munthu, ichite motsata lamulo, mwa ndondomeko yachilungamo, chigamulo chigwirizane ndi zifukwa zoperekedwa, ndipo munthuyo apatsidwe zifukwazo polemba. Yunivesite ya boma idakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo ndipo imayendera misonkho, choncho siingathawe gawoli. Tsono tayesani kuika chindapusa cha chigulu pa sikelo imeneyi. Chifukwa cholembedwa chomwe koleji ingapatse wophunzira amene adali ku chipatala kapena ku maliro kwawo pa tsiku la zipolowe n'chiyani? Siinganene kuti adaswa galasi, poti ilibe umboni. Chokha chomwe inganene n'chakuti dzina lake lili m'kaundula mmene mulinso maina a oswa magalasi. Kukhala m'kaundula si mlandu. Ena amati wophunzira amasaina malamulo a koleji polowa, ndiye kuti adavomera zonse. Koma Gawo 5 limanena poyera kuti lamulo lililonse kapena chochita chilichonse cha boma chosemphana ndi malamulo aakulu n'chopanda mphamvu, ndipo siginecha ya mwana wa zaka 18 amene alibe yunivesite ina yoti athawireko siingadzutse chinthu chomwe malamulo aakulu adachipha.

Mfundo yakuti munthu amvedwe asanalangidwe siidayambe mu 1994, ndipo mayunivesite akhala akuiphunzira movutikira kwa zaka mazana. Mu 1723 khoti la ku England lidalamula Yunivesite ya Cambridge kubwezera Dr Richard Bentley madigiri ake omwe idamulanda osamupatsa mpata wodziteteza, ndipo mmodzi wa oweruzawo adakumbutsa kuti ngakhale Mulungu adayamba wamufunsa Adamu asanamutulutse m'munda. Mu 1961 khoti la apilo ku America, pa mlandu wa Dixon, lidagamula kuti koleji ya boma ku Alabama idalakwa pochotsa ophunzira akuda omwe adachita nawo zionetsero zotsutsa tsankho popanda kuwauza mlandu wawo ndi kuwamva. Kuno kwathu, pangano la maiko a mu Africa la ufulu wa anthu la mu 1981, lomwe Malawi adalivomereza mu 1989 Kamuzu akadali pampando, limanena m'Gawo 7 kuti chilango ndi cha munthu payekha ndipo chiperekedwe kwa wolakwa yekhayo. Gawoli lidalembedwa poganizira milandu ya upandu, inde, koma n'zovuta kumvetsa kuti woganiziridwa kuba ng'ombe akhale ndi chitetezo choposa cha wophunzira amene sakuganiziridwa kanthu kalikonse.

Komabe malamulo adasintha, chizolowezi chidatsala. Mu Disembala 2001 apolisi adawombera wophunzira wa pa Chancellor College, Fanikiso Phiri, pa zionetsero mu Zomba, ndipo adamwalira, zomwe zidaonetsa kuti boma la matipati lidatengera dzanja lolemera la boma lakale. Pa 12 Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi Peter Mukhito adaitanitsa Dr Blessings Chinsinga kukamufunsa za chitsanzo chomwe adapereka m'kalasi, choyerekeza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kuno ndi zomwe zidautsa anthu ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi, motsogozedwa ndi Dr Jessie Kabwila, adakana kulowa m'kalasi mpaka atatsimikiziridwa kuti m'makalasimo mulibe akazitape. Khonsolo idachotsa ntchito anayi, Kabwila, Chinsinga, Dr Garton Kamchedzera ndi Franz Amin, n'kulamula kuti Chancellor College ndi Polytechnic zitsekedwe. Makhoti adapereka ziletso, mkangano udakokana miyezi, ndipo makalasi adayambiranso mu Novembala, Pulezidenti Bingu wa Mutharika atalola kuti anayiwo abwerere. Pa mkangano wonsewu ophunzira sadali oyambitsa, koma ndiwo adataya pafupifupi chaka. Mu Julaye 2016 fizi itakwezedwa kufika pa K400,000, zionetsero zidatseka msewu wa M3 mpaka kusokoneza ulendo wa Jill Biden, mkazi wa wachiwiri kwa pulezidenti wa America pa nthawiyo, ndipo koleji idatsekedwa. Patangopita nthawi pang'ono Pulezidenti Peter Mutharika adatsitsa fiziyo ndi K50,000, kusonyeza kuti dandaulo lomwe ana adathamangitsidwira silidali lopanda pake. Kumapeto kwa 2022, sukuluyi itatenga kale dzina la University of Malawi potsatira kugawidwa kwa makoleji mu 2021, idatsekedwanso ophunzira atachita zionetsero zokana kalendala yomwe inkawakhazika kunyumba miyezi yambiri pakati pa masimesita. Anthu odandaula kuti nthawi yawo ikutayika adalangidwa powatayira nthawi ina, pamodzi ndi anzawo omwe sadatuluke n'komwe m'chipinda.

Chomwe chidasinthiratu pakati pa 1992 ndi lero ndi Chikanda. Yunivesite itayamba kulandira ophunzira odzilipirira okha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, chiwerengero chidakwera kufika masauzande ambiri pamene mabedi a m'mahositelo sadachuluke molingana. Boma lidasiya kuphikira ophunzira, ndipo mu 2015 lidakhazikitsa bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a m'sukulu za ukachenjede. Wophunzira wa lero si mlendo wodyetsedwa, ndi munthu wolipira, ndipo nthawi zambiri ndi wangongole. Anthu a ku Chikanda, monganso a m'madera ena oyandikana ndi koleji, adaona mwayi: adaumba njerwa, n'kumanga timizere ta zipinda kuseri kwa nyumba zawo, ena adatenga ngongole ku banki ya m'mudzi kuti akokere magetsi ndi madzi. Pakhomo pamene kale pankagona banja limodzi, lero pali mabedi osanjikizana, mbaula zoyalana pakhonde ndi mzere wa zidebe pampopi m'mamawa. Apa ndiye kutseka kwataya ngakhale mutu wakale uja. Chikalata cha rejisitala chimalamulira mpanda wa koleji wokha. Sichingatulutse munthu m'chipinda chomwe akulipira kwa mwininyumba ku Chikanda, choncho amene akufuna kupitiriza chipolowe amakhalabe pomwepo, mtunda wongoyenda pansi kuchokera pa geti. Amene amachoka msanga ndi amene alibe ndalama yodyera masiku osadziwika kutalika kwake, ndipo thiransipoti ya ku Chitipa kapena ku Nsanje, kupita ndi kubwera, imachokera m'ngongole yomwe idzabwezedwe ndithu ngakhale miyeziyo sadaphunzire. Mwininyumba naye amagwidwa pakati: akabweza lendi agona ndi njala, akakana kubweza aoneka wakuba, ndipo mgwirizano wake ndi wophunzira kawirikawiri umakhala wapakamwa.

Wotsutsa woyamba anganene kuti ndikuiwala za moto. Matayala akamayaka pa msewu, miyala ikamauluka, laibulale ndi malabu okwera mtengo zili pa chiopsezo, kodi akuluakulu angokhala n'kumalemba makalata oitanira anthu ku komiti yosungitsa mwambo? Ayi, ndipo pamenepa ndigwirizana naye. Khonsolo ili ndi udindo woteteza miyoyo ndi katundu, ndipo Gawo 44 limalola kuchepetsa ufulu ngati kuchepetsako kuli m'lamulo, kuli koyenerera, ndipo n'kofunikadi m'dziko la demokalase. Kuimitsa makalasi masiku angapo kuti mitima itsike si chilango, monga momwe kutseka mlatho wogumuka sikuli kulanga oyenda pansi. Koma kusiyana kwa ziwirizi kumaoneka ndi maso. Kutseka koteteza kumakhala ndi tsiku lotsegulira kapena tsiku loonanso nkhaniyo, ndipo kumatha ngozi ikatha. Kutseka kolanga kulibe tsiku, kumapitirira ngakhale utsi utazilala kalekale, ndipo kumamangiriridwa ku zinthu zoti gulu lichite: lipepese, lilipire, lisaine kuti silidzachitanso zionetsero, litchule atsogoleri ake. Tsiku limene apolisi achoka pa msewu wa ku Chirunga koma geti likadali lokhoma, ndiye kuti chifukwa chachitetezo chatha, chatsala ndi kukhaulitsa.

Wachiwiri anganene kuti olakwa sadziwika chifukwa ophunzira amabisana, ndiye pakhale potani? Zoona, amabisana. Koma kukhala chete kwa mboni si umboni wakuti mboniyo ndiyo idapalamula, ndipo wophunzira wa chaka choyamba amene akuopa kutchula dzina la wamkulu yemwe amagona naye mpanda umodzi ku Chikanda ali ndi chifukwa chomveka chokhalira chete. Ndiponso nthawi ino si ya George Smith. Koleji ili ndi alonda, zipolowe zimajambulidwa pa mafoni n'kuikidwa pa Facebook tsiku lomwelo, apolisi amamanga ena pomwepo, ndipo likulu la apolisi la chigawo cha kum'mawa lili mu Zomba momwemo. Ngati pa zonsezi sipapezeka dzina ngakhale limodzi lokhala ndi umboni, kulephera ndi kwa ofufuza, ndipo si chilungamo kutumiza bilu ya kulephera kwawo kwa anthu omwe sadafufuzidwe. Palinso amene amati zionetsero zimavomerezedwa pa msonkhano wa ophunzira onse, choncho onse ali m'gulu la olakwa. Misonkhano imeneyi siifikidwa ndi onse, ndipo ngakhale amene adakweza dzanja adavomera kuguba, chinthu chomwe Gawo 38 limalola, osati kuswa. Lamulo la apolisi la mu 2010 lili ndi ndime yosenzetsa okonza zionetsero ndi otengapo mbali udindo wolipira zoonongeka, ndipo ambiri amaiona kuti ndi yolemera. Koma ngakhale ndime yolemerayo imafuna chingwe cholumikiza munthu ku zomwe zachitika, kuti adakonza kapena adalipo, ndipo mwini katundu amayenera kukatsimikizira khoti. Koleji yolipiritsa aliyense wa m'kaundula ikudzipatsa mphamvu yoposa yomwe Nyumba ya Malamulo idaika m'lamulo limenelo, kwinaku iyo yomwe ili wodandaula, wowerengera zoonongeka, woweruza ndi wotolera ndalama.

Chotsutsa chomwe chimagwira mtima kwambiri ndi cha chikhalidwe. Akuluakulu ena amati zoti mlandu ndi wa munthu payekha n'zachizungu, kwathu kuno mwana akapalamula amalipira ndi mwinimbumba, ndipo nsomba ikaola imodzi ndiye kuti zonse zaola. N'zoona kuti pa Chichewa mtsibweni amatulutsa mbuzi kapena nkhuku pa mlandu wa mphwake. Koma tiyeni tiuone bwino mwambowo usanatengedwe kukaikira kumbuyo chikalata cha rejisitala. Mbuzi siituluka m'khola bwalo lisanakhale. Nyakwawa imayamba yamva wodandaula, wopalamula amatchulidwa dzina n'kupatsidwa mpata wolankhula, mboni zimafunsidwa, ndipo mlandu ukagwa m'pamene abale amasonkherana. Olipirawo ndi anthu omwe adamulera, ali ndi mphamvu yomudzudzula, ndipo mawa iwo akapalamula iyenso adzasonkha. Mtsikana wa ku Karonga wophunzira sayansi ndi mnyamata wa ku Mulanje wophunzira malamulo, amene mwina sadalonjeranepo, si mbumba imodzi, ndipo wina alibe mphamvu pa mnzake. Mwambo wathu umagawana mtolo wa mlandu womwe waweruzidwa kale, pamene chilango cha chigulu chimadumpha kuweruzako. Za nsombazo, mayi wogulitsa usipa mu msika wa Zomba akapeza zoola m'dengu amakhala pansi n'kusankha, sataya dengu lonse.

Nanga magalasi oswekawo alipire ndani? Funsoli ndi lenileni, pakuti ndalama za yunivesite n'zoperewera kale. Amene umboni wawagwira ayenera kulipira mokwanira, kuimitsidwa kapena kuchotsedwa sukulu atamvedwa, ndi kuyankha mlandu kukhoti ngati adatentha kapena kuba. Ngati atsogoleri a bungwe la ophunzira adalimbikitsa kuononga, bungwelo likhoza kufunsidwa pa thumba lake, nalonso litamvedwa. Chotsalacho ndi chitayiko chomwe mabungwe onse aboma amakumana nacho, ndipo n'chifukwa chake kuli inshuwalansi. Mbala ikathyola ofesi ya DC n'kusowa, boma sililemba msonkho wapadera kwa anthu a m'mudzi wapafupi. Ndiponso chindapusa chofanana chimaphunzitsa zosiyana ndi zomwe ochikonda amaganiza. Tiyerekeze kuti zoonongeka ndi za K50 miliyoni ndipo ophunzira alipo 10,000. Aliyense alipira K5,000. Kwa amene adaswa magalasi a nyumba yonse, umenewo ndi mtengo wotsika zedi, ndipo wauzidwa kuti ulendo wina anzake adzamulipiriranso. Kwa amene adadziletsa, wauzidwa kuti kudziletsa kulibe phindu. Atsamunda ankayembekezera kuti osalakwa akapwetekedwa adzaukira olakwa, koma mu 1959 zidawatembenukira: midzi yotenthedwa idakakamira kwambiri ku Congress. Ku Chirunga nakonso, wophunzira wolipiritsidwa mlandu wa eni sakwiyira woswa galasi, amakwiyira ofesi yomwe yamulembera lisiti.

Akuluakulu a makoleji amadandaula kuti makhoti amawamanga manja ndi ziletso, moti sangathenso kusungitsa mwambo. Ziletso zina zimatengedwadi mwa chinyengo, pofuna kungogula nthawi. Koma khoti limapereka chiletso mosavuta pamene chigamulo chilibe zifukwa zolembedwa, chilibe malire a nthawi, ndipo okhudzidwa sadamvedwe. Khonsolo yomwe ingalembe m'malamulo ake kuti kutseka kwadzidzidzi kusapitirire masiku akutiakuti popanda kuunikidwanso, kuti woyesa zoonongeka akhale wochokera kunja, ndi kuti pasakhale wolipira asanaitanidwe, ingapambane milandu yambiri kuposa lero. Chobwezera m'mbuyo n'chakuti mikangano yotere imakonda kuthera pa chiletso kapena pa kukambirana kwa mseri, andale ndi azipembedzo atalowererapo. Geti likatseguka, aliyense amathamangira mayeso, ndipo funso lakuti kutsekako kudali kololedwa kapena ayi limasiyidwa m'mafailo. Njira zilipo: malamulo aakulu amalola munthu wokhudzidwa kukadandaula kukhoti, ofesi ya Ombudsman imamva madandaulo a kusalungama kwa maofesi aboma popanda kulipiritsa, ndipo kuli bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission. Koma mlandu wofika pa chigamulo umafuna zaka, pamene komiti ya bungwe la ophunzira imasintha chaka ndi chaka, ndipo yolowa kumene siifuna kulipira loya pa nkhani ya anthu omwe adavala kale gauni n'kubalalika kukasaka ntchito ku Lilongwe ndi ku Blantyre.